Outrageously: Wanyanya Ndani?

Ophunzira ambiri amayesa kuti mawu a Chingerezi akuti outrageously amangotanthauza “kwambiri”. Ayi, kawirikawiri mumakhala mkwiyo m’kati mwake: munthu wapyola malire mpaka anzake agwira pakamwa.

Mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inagwa mopyola muyeso kuno ku Phalombe, mpaka akuluakulu anakumbukira napolo wa 1991. Komabe sindinganene kuti inagwa outrageously, pakuti mvula ndi ya Allah ndipo sitingaizenge mlandu. Mawuwa ndimasungira wamalonda wokweza mtengo wa chimanga poona anzake atsala opanda kanthu. Ndimasungiranso phwando la ukwati lochitira ngongole pomwe fizi ya mwana sinalipidwe, kusakaza kumene kumzikiti timati israf.

Musanawalembe pa mayeso, dzifunseni kaye: wanyanya ndani?