Kuleka Fodya Pakati pa Okoka

Mnzanga wacinyamata, ngati watsimikiza mtima kuleka fodya kuno ku Chadiza, usaganize kuti utsi udzakuthawa. Fodya timalima tokha. Ali m'cigafa ca kwanu, ali pamsika pa boma, ali pansolo. Inde, mu 2008 boma la Zambia linaletsa kukoka pamalo osonkhana anthu, koma ndani angapite nalo lamulo limenelo kudimba kapena pamoto wa maliro?

Pamaliro m'pamene ine ndinayesedwa koposa m'mwezi wanga woyamba. Kumowa ungathe kuleka kupita, koma maliro sathawidwa. Usiku ndi wautali, mphepo ya mu June ilowa m'mafupa, ndipo balani ayenda dzanja ndi dzanja. Mnzako ungamkanire moseka. Nanga akakupatsa ndi amalume, amene akuona kuti akucitira ulemu monga munthu wamkulu? Apa mau uyenera kukonzeratu ukali kunyumba. Ine ndinali kuomba m'manja ndi kunena kuti, "Zikomo amalume, ndinaleka." Usanene kuti "ndikuyesa kuleka," cifukwa woyesa amamuonjezera ndudu ina kuti aone pamene afika. Usayambenso kuwalalikira za matenda a mapapo pamaso pa anthu. Akulu sakonda kuphunzitsidwa ndi mwana, ndipo mkangano udzangokusunga pafupi ndi utsi.

Dziwa ici: cibaba sicikhalitsa. Cimabwera mwamphamvu, koma pakapita mphindi zowerengeka cimatsika cokha, ukoke usakoke. Cimene thupi lako likulirira ndi nikotini, ndipo kulira kwake kumakula m'masiku atatu oyamba, kenaka kumacepa pang'onopang'ono m'masabata otsatira. Nchito yako tsono ndi kupyola mphindi zimenezo. Nyamuka ukatole nkhuni za pamoto. Khala kumene mphepo icokera. Pita kwa oimba nyimbo, pakuti pakamwa poimba sipagwira ndudu. M'thumba usasowe nshawa zokazinga kapena kamphindi ka nzimbe, manja ndi kamwa zipeze cocita. Macisa siya kunyumba. Woyatsira anzake sacedwa kulawa.

Anzako ena adzakuseka kuti wayamba kunyada. Aleke. Mmodzi wa amene anandiseka kwambiri anandipeza kumjigo patapita miyezi iwiri, nayang'ana uku ndi uku, ndi kundifunsa motsitsa mau ngati usiku ndimagona tulo.