Zipupa za pa Mseu wa Kum'mawa

Munthu wokwera basi kucoka ku Lusaka kunka ku Chipata, akaoloka mlatho wa Luangwa, ayambe kupenya zipupa za masitolo. Pa Nyimba, pa Petauke ndi pa Katete adzaona zofiira za Airtel, zacikasu za MTN ndi zobiriwira za Zamtel. Kale mwini sitolo anali kulemba dzina lace pamwamba pa khomo, kapena mau odandaulira anansi anjiru. Lero dzinalo, ngati lilipo, lapanikizika pangodya.

Pa Katete ndinatsika kukamwa tiyi m'kasitolo ka mkulu wina. Pomwe penti inasupuka ndinawerenga mibadwo itatu ya kampani imodzi: Celtel pansi, Zain wa mu 1998 ndi zaka khumi pamwamba pace, ndiye kuti 2008, ndi Airtel amene anadza mu 2010. Eni ace anagulitsana ku Kuwait ndi ku India, cipupa ca pa Katete nicisintha maonekedwe. Ndinafunsa ngati zimenezi sizimuwawa.

"Aphunzitsi," anatero mkuluyo, "penti njaulere. Nanga ine ndingakangane ndi anthu a kutsidya kwa nyanja?"

Sindinamtsutse, pakuti nanenso foni ya kampani yomweyo inali m'thumba. Koma ndinamkumbutsa za Jubilee 2000. Papa Yohane Paulo Waciwiri, m'kalata yace ya mu 1994, anapempha kuti nkhongole za maiko osauka zicepetsedwe kapena kukhululukidwa, monga mwa caka ca Jubili ca pa Levitiko 25. Ife tinaika mapepala pa khomo la chalichi itatha Misa, ndipo amai osadziwa kulemba anadinda cala. Ena anatiseka, amvekere, "Kodi a ku Washington amawerenga zala za ku Katete?"

Nkhongole ya Zambia inali pafupi madola 7 biliyoni. Dziko linakwanitsa zofunika za HIPC mu 2005, ndipo pofika mu 2006 inatsala pafupi madola 500 miliyoni. Mu Epulo caka comweco boma linacotsa malipiro m'zipatala zace za kumidzi. Zala zija sizinacite zonse zokha, ai, koma zinawerengedwa. Cocititsa manyazi ncakuti tinakongolanso, ndipo mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira.

Mkuluyo anakumbukira kuti malemu mkazi wace anadinda nao. Anakhala cete, napenya cipupa cace, nandifunsa mtengo wa kacitini ka penti yoyera ku Chipata. Basi inaliza hutala ndisanamuyankhe.