Matailosi Adikire, Yambani Mwakumba Pansipo

Achemwali anga okondedwa,

Amayi muwauze kuti za bondo lawo ndamva, ndipo mtima sunakhale m'malo. Ine kuno ku Joni ndilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa.

Zithunzi za mukolido zija ndaziona. Ndaona pamene simenti yatitimira pakhomo la chipinda cha amayi, ndi pamene yatukumuka chakubalaza, pomwe ndodo yawo inakodwa. Koma zimene mwapempha, zoti nditumize ndalama ya matailosi onyezimira onga a kwa aneba aja, ndakana. Mundimve bwino, achemwali, si kuuma mtima. Matailosi ndiyo ntchito imene ndimadyera kuno, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika mukawayala pamalo pofooka: miyezi ingapo ayamba kulira mukaponda, kenako asweka, m'mphepete mwake n'kukhala mothwa. Munthu wamkulu woyenda usiku wopanda nsapato mumufunira zimenezo?

Nyumba imeneyo si ya dzulo. Agogo aamuna anaimanga ndi ndalama za ku Wenela atabwerako mu 1974, chaka chimene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa ku Wenela. Mafelemu ndi zitseko anaika za mkungudza wa m'phiri, n'chifukwa chake chiswe chalephera mpaka lero. Musalole mmisiri aliyense kuzizula kapena kuzidula m'munsi, poti mtengo umenewo watsala pang'ono kutha ndipo simudzaupezanso. Koma pansi agogo anathira dothi la pachulu ndi zidutswa za njerwa, pamwamba n'kupaka simenti yofiira yopyapyala, ija tinkakwecha ndi kobra Loweruka lililonse. Inapirira zaka pafupifupi makumi asanu. Chinaigonjetsa ndi Namondwe Freddy, mu March 2023, madzi ochokera kuphiri atalowera khomo la kuseri n'kutulukira la kumaso. Ife tinali ndi mwayi kuti makoma anaima, pomwe anzathu chakuMuloza anataya nyumba ndi abale omwe. Madziwo anafewetsa dothi la pansi, linakhazikika mosiyana, simenti n'kutsala ikulendewera. Mphwanga wamkuluyo atenge mpini wa hamala agogode pang'onopang'ono kuyambira pakhomo, mumva pena pakulira ngati ng'oma. Pamenepo pansi palibe kanthu.

Ndiye ntchito yake ndi iyi, ndipo simufunika kulemba munthu wodula. Anyamata athuwo ndi alamu akwanitsa. Aswe simenti yonse ya mukolidomo, asasiyeko ndi pamene pakuoneka pabwino. Akumbe mpaka apeze dothi louma lolimba, koma asayandikire kwambiri maziko a khoma. Akapeza njira za chiswe athire mankhwala. Kenako abwezeremo miyala ndi zidutswa za njerwa zootcha, pang'onopang'ono, akutsindira ndi chipika cholemera asanawonjezere zina. Apa ndi pamene anthu amachitira ulesi, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Pamwamba pake mchenga pang'ono, kenako pepala lakuda la pulasitiki lokhuthala, likwere pang'ono m'makoma kuti chinyezi chisadzabwerenso. Kwathuko mvula simasewera, inunso mukudziwa.

Levulo musavutike kubwereka. Gulani kapaipi koonekera mkati pa Limbuli, muthiremo madzi, mutulutse mpweya wonse. Wina agwire mbali imodzi pakhomo la pabalaza, wina apite nayo ina kumapeto kwa kolido. Madzi akaima, pamene afika mbali zonse ziwiri ndi pofanana ndendende. Lembani ndi khala pakhomapo, muyeze kutsika kuchokera pamzerewo, mukhome tizikhomo, mumange chingwe. Konkire ikhale yokhuthala masentimita 8 kapena 10. Pa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, mchenga usapitirire mawilibala awiri, miyala ya kwale chimodzimodzi, ndipo mchengawo ukhale wa ku Ruo wotsukika, osati wa mumsewu wosakanikira dothi. Alamu ndikuwadziwa, adzafuna kutambasula thumba limodzi kuti ligwire ntchito ya awiri. Muwaletse ndinu. Akasalaza ndi thabwa lowongoka, muzithira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, osapondapo. Pamwamba pasakhale poterera kwambiri. Ndipo kuseri kwa nyumba akumbe ngalande yoti madzi a kuphiri azilambalala, apo ayi tidzabwereranso pomwepa.

Ndikulemba izi maso akutentha, achemwali, chifukwa manja amenewa akanayenera kugwira okha ntchitoyo. Ndimagwada tsiku lonse m'nyumba za eni ake ku Sandton ndi ku Randburg, kuyala matailosi m'mabafa aakulu kuposa chipinda cha amayi, pomwe amayi anga akugwa mukolido mwawo. Maliro a amalume ndinawaonera pafoni. Ndinamva nyimbo ya amvano ikudukaduka, ine nditakhala pa ndowa ya penti kuseri kwa nyumba ya bwana, kuopa kuti andimva ndikulira.

Zikomo kuti mumawasamala amayi. Ndinu mumawasambitsa, ndinu mumawaperekeza kuchipatala, ndipo zimenezo palibe ndalama ingalipire. Koma lero mundilole ndilankhule. Ndalama ya simenti ndinatumiza kale, chaka chatha. Inapita kuti? Mwati ina inalowa ku chinkhoswe, ina ku chiliza, ina munabwereka asuweni aja oti adzabweza akagulitsa nandolo. Nandolo anagulitsa, ndalama sinabwere, ndipo palibe anandiuza mpaka nditafunsa ndekha. Foni yanga ikalira kuchokera kumudzi ndimadziwiratu: moni wa mawu awiri, kenako fizi, feteleza, mayunitsi. Ndi liti munthu anandiimbira kungofunsa ngati ndadya?

Mumaona ngati randi imatoledwa mumsewu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ena kumeneko anasangalala kuti ndalama za ku Joni zichuluka, kuiwala kuti simenti, malata ndi shuga zinakwera nthawi yomweyo. Kuno ntchito ikasowa ndimaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi shopu ya zomangira kuyambira m'bandakucha, chikatoni cholembedwa ntchito yanga chili m'manja, tikulimbirana galimoto iliyonse yoima. Wina amakugwiritsa ntchito sabata yonse, tsiku lolipira n'kukufunsa mapepala, akudziwa kuti sungakamusumire kulikonse. Mu taxi timakhala chete kuopa kuti lilime litiulula, atitche makwerekwere. Ukaona galimoto ya apolisi mtima umathamangira ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Chipinda timagona anthu angapo, ndipo mwezi ndi mwezi timasonkha za kutumiza mtembo wa Mmalawi mnzathu, ulendo wautali wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ndalama imene mumalandira pa Mukuru imachokera mmenemo. Ine sindine banki, ndine mlongo wanu.

Komanso kumbukirani kuti nyumbayo sindidzakhalamo ine. Mwambo wathu mukuudziwa: malo ndi a mbumba, ine kwanga ndi kumene ndinakwatira. Idzakhala yanu ndi ana anu aakazi. Ngati ine wongodutsa ndikuikhetsera thukuta, eni ake musalephere kunyamula piki. Mulungu anatipatsa mayi mmodzi, ndipo kuwalemekeza si kudikira tsiku la maliro kuti tigule bokosi lokongola.

Kukumba, kututa mchenga ndi kuswa njerwa sikufuna ndalama. Yambani zimenezo sabata ino, mvula isanayandikire. Mukatsindira, munditumizire chithunzi chingwe chili chomangidwa, ndipo ya simenti, pepala ndi kwale nditumiza tsiku lomwelo, m'dzina lanu, osati la wina aliyense. Pa nthawi yonseyi amayi asamukire chipinda cha kukhonde kuti asamadutse pokumbapo, ndipo usiku muziwasiyira tochi pafupi.

Moni kwa azakhali ndi onse a kumpingo.

Ndine mlongo wanu,
ku Johannesburg