Zam'kati mwa Pilo

Achinyamata anzathu, sabata ino tikufuna tigawane nanu phunziro limene tinalitola pa ntchito ya manja athu.

Ife ndife achinyamata asanu ndi mmodzi a ku Thazima, pamene pali chipata cholowera kumalo osungirako nyama zakutchire a Nyika, makilomita pafupifupi 55 kuchokera pa boma la Rumphi. Galimoto zopita ku Chelinda zimaima pachipatapo, alendo n'kutsika kuti awongole miyendo. Apa ndi pamene timagulitsira mapilo athu.

Ntchito yake njofuna kudekha. Timakunga nsalu yonga sefa pa felemu ya matabwa, n'kumatapo pepala lolimba limene tadulapo chithunzi cha mbidzi kapena chilembwe, nyama zodziwika za ku Nyika. Tikaika sefayo pamwamba pa nsalu yoyera, timathira utoto ndi kuukoka ndi labala kuti udutse mmene mwadulidwa mokhamo. Utoto ukauma timasita ndi simbi ya makala kuti usasuluke pochapa. Kenaka timasoka, timaikamo thonje, n'kutseka pakamwa.

Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nsalu, utoto ndi thonje, zimene timagula ku Mzuzu, zinakwera mtengo. Masiku omwewo mlendo wina anatipatsa oda ya mapilo 30, n'kulipiratu theka. Tinali titagwirizana naye mtengo wakale, koma thonje limene tikadatha kugula linali lokwana mapilo 18 okha.

Tinakhala pansi. Mmodzi wa ife anati pakati tiikepo makoko a chimanga ndi zigamba, thonje tingokutira kunja. Ndani amang'amba pilo kuti aone zam'kati? Komanso mlendoyo sadzabweranso. Tivomereze mosabisa kuti tonse tinagwirizana nazo, ndipo tinasoka mapilo anayi otero.

Madzulo ake anafika mayi achikulire amene anatiphunzitsa kupalasa makina. Anatenga pilo imodzi, kuifinya pafupi ndi khutu, makoko aja n'kuchita tswatswa. Sanakalipe. Anangoti: "Ana inu, munthu akatsamira pamenepa usiku, mutu wake udzadziwa zimene maso sanaone." Ife tinangozolika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyu umenewo tinali titausoka tokha.

Usiku womwewo tinasomola mapilo anayi aja. M'mawa tinamuimbira foni mlendoyo n'kumuuza kuti 30 sitikwanitsa. Sanakondwe. Anatenga 18 okha. Tinachotsera za nsalu ndi utoto, aliyense anapita kwawo ndi kangachepe kosakwana ngakhale theka la thumba la feteleza, pamene mvula inali itayamba kale. Mnzathu wina, amene ankadalira ndalamazo pa fizi ya mng'ono wake, anatha sabata ziwiri osatilankhula.

Mlendoyo sanabwerenso, ndipo sitinganene kuti kuona mtima kunatilemeretsa. Koma kuchokera tsiku lija, pilo iliyonse timaisiya yosatseka kumbali imodzi. Wogula amapisamo dzanja, akakhutira timatseka ndi singano iye akuona. Mtengo nawonso sitilonjeza tisanafunse za ku Mzuzu.

Anzathu osoka, opala matabwa ndi ogulitsa uchi, ntchito iliyonse ili ndi mbali imene wogula saiona. Tidzifunse sabata ino: kodi m'kati mwa zimene timagulitsa mwaikidwa chiyani?