SUKULU YA UDOTOLO PAKATI PA MINDA YA MPHONDA

MUNTHU akakwera sitima ya pamtunda mu mzinda wa Tokyo, likulu la dziko la Japan, nalunjika kumpoto, amayenda nthawi yaitali asanaone munda. Nyumba zosanja zimangotsatana mbali zonse ziwiri za njanji. Koma patapita ola limodzi ndi theka, pa mtunda wa makilomita 90, nyumba zija zimacepa ndipo maso amayamba kuona patali. Kumeneko ndi ku Shimotsuke, m'cigawo ca Tochigi, mzinda waung'ono wa anthu pafupi-fupi 60,000.

Dziko la kumeneko ndi lacigwa, la minda ya mpunga. Koma mbeu imene inachukitsa Shimotsuke ndi ya mtundu wa mphonda, zazikulu ngati mtsuko. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti alimi amalawira kusanace kukalenga mphondazo ndi makina, nazisandutsa timizere tatitali ngati luzi, ndi kuziyanika. Mfutso umenewu amaucha kanpyo, ndipo cigawo ca Tochigi ndico cimapanga wocuruka koposa m'dziko lonselo.

Dera lina la mzindawu limachedwa Yakushiji, potengera kacisi wa cipembedzo ca Buddha amene anamangidwa zaka zoposa 1,300 zapitazo. Dzinalo licokera kwa Yakushi, amene okhulupirira cipembedzoco amati ndiye mwini wa kuciritsa. M'dera lomwelo ndimo muli sukulu ya udotolo yochedwa Jichi Medical University, pamodzi ndi cipatala cace ca mabedi oposa 1,000. Ngakhale siteshoni ya sitima yapafupi inatenga dzina la sukuluyi.

CIFUKWA CACE INAMANGIDWA

M'zaka za m'ma 1960 cuma ca Japan cinakwera mofulumira, ndipo acinyamata anathamangira ku mizinda. Madotolo naonso anatsata khamulo. Midzi ya m'mapiri ndi ya pa zisumbu zazing'ono inatsala yopanda dotolo, kotero kuti wodwala anali kuyenda ulendo wautali, mwina pa bwato, kuti akapimidwe. Ali yense amene ananyamulapo wodwala usiku kupita naye ku cipatala cakutali adziwa kulemera kwace kwa bvuto limeneli.

M'caka ca 1970 nduna yoona za maboma a m'zigawo, a Akita Daisuke, inapereka ganizo lakuti pakhale sukulu yophunzitsa madotolo a kumidzi. Zigawo zonse 47 za dzikolo zinagwirizana kusonkha ndalama, ndipo sukuluyo inatsegulidwa m'caka ca 1972. Liu lakuti Jichi litanthauza kudzilamulira kwa zigawo. Madotolo oyamba anaturuka m'caka ca 1978.

Pangano lace ndi losabvuta kumva. Caka ciri conse cigawo ciri conse cimatumiza ophunzira awiri kapena atatu. Iwowa amayamba kuyesedwa kwao, kenaka amayesedwanso pa sukulupo. Wosankhidwa salipira ndalama za sukulu pa zaka 6 za maphunziro, pakuti zonsezo zimalembedwa ngati ngongole. Akatsiriza amabwerera ku cigawo cace kukagwira nchito zaka 9 kumene boma la cigawoco lamutuma, ndipo pafupi-fupi theka la zakazo amakhala ku malo akutali. Akakwanitsa, ngongole imafafanizidwa. Akathawa, amabweza ndalama zonse pamodzi ndi ciongola-dzanja.

Ophunzira onse amagona pa sukulu pomwepo zaka 6 zonsezo. Mwana wa ku Hokkaido, kumpoto kozizira, amadya pamodzi ndi mwana wa ku Okinawa, kumwera kotentha. M'caka cacisanu ali yense amapita kwao kukaphunzira pa manja a madotolo amene anaturuka pa sukulu yomweyo.

ZIPATA ZA MAYESO

Kale wophunzira udotolo ku Japan anali kuthera nthawi yambiri akumvetsera aphunzitsi ndi kuloweza mabuku. Polowa m'cipatala anali kungoima pambuyo pa dotolo wamkulu ndi kupenyerera. Ambiri anali kulandira ciphaso ali ndi nzeru za m'mutu koma manja osazolowera. Pofuna kukonza zimenezi, m'caka ca 2001 dzikolo linalemba ndondomeko imodzi ya zimene wophunzira ali yense ayenera kudziwa, ndipo kuyambira m'caka ca 2005 masukulu onse a udotolo, kuphatikizapo Jichi, anayamba kupereka mayeso ofanana kwa wophunzira asanaloledwe kukhudza wodwala.

Mayesowa ali pawiri. Oyamba, ochedwa CBT, amalembedwa pa kompyuta ndipo ali ndi mafunso 320. Makinawo amasankhira munthu ali yense mafunso ace-ace kucokera m'nkhokwe yaikulu, motero kusuzumira kwa mnzako kulibe phindu.

Aciwiri, ochedwa OSCE, ndiwo a manja ndi pakamwa. Wophunzira amayenda m'tizipinda totsatana, ndipo m'kacipinda kali konse amapatsidwa nchito ya mphindi zowerengeka: kumvetsera cifuwa, kupapasa m'mimba, kupima kuthamanga kwa magazi, kapena kutsitsimutsa cidole coimira munthu wokomoka. M'kacipinda kena amapeza munthu wamba, amene anaphunzitsidwa kudzicita ngati wodwala. Munthuyo amadandaula monga anamuuzira, ndipo amayankha zokhazo zimene wafunsidwa. Oyesa amakhala pambali ndi kulemba. Kodi wophunzira wapereka moni? Kodi wachula dzina lace? Kodi wasamba m'manja? Kodi wamulola wodwala kutsiriza mau ace, kapena wamudula pakamwa? Ena mwa oyesawo amacokera ku masukulu ena, kuti pasakhale kukondera. Kuyambira m'caka ca 2023 mayesowa ndi a lamulo la dziko, ndipo wopambana amaloledwa kuthandiza odwala ali pansi pa dotolo womuyang'anira.

Cipata cotsiriza ndi mayeso a Boma, amene amalembedwa m'mwezi wa Febuluwale. Kuyambira m'caka ca 2018 ali ndi mafunso 400 olembedwa masiku awiri. Pakati pa mayankho osankhapo anabisamo ena oopsya, oti dotolo atawatsata angaphe wodwala. Munthu akasankha otere mopitirira malire amalephera, ngakhale atakhoza bwino mafunso ena onse. Pa mayeso amenewa sukulu ya Jichi yakhala ikutsogola kawiri-kawiri pakati pa masukulu a udotolo oposa 80 a m'dzikolo. Wopambana amaphunziranso nchito zaka ziwiri m'cipatala, monga lamulo linenera kuyambira m'caka ca 2004.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Komabe sukuluyi siinamangidwire kupambana mayeso cabe. Funso lalikulu ndi lakuti: kodi madotolowo amapitadi kumidzi, ndipo zaka 9 zikatha amakhalabe? Ofufuza atatu, a Matsumoto Masatoshi, a Inoue Kazuo ndi a Kajii Eiji, analondola madotolo amene anaturuka kuyambira m'caka ca 1978, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2008. Anapeza kuti pafupi-fupi onse anasunga pangano lao. Pangano litatha, pafupi-fupi 7 mwa 10 ali onse anatsalabe m'zigawo za kwao, ndipo kupezeka kwao ku midzi kunali kanai kuposa kwa madotolo a masukulu ena. Anaonanso kuti amene anakulira ku mudzi, ndi amene anasankha kuona matenda a mitundu yonse m'malo mwa ciwalo cimodzi, ndiwo anali kutsala kumidzi kawiri-kawiri.

Kufufuza kwina kunaunika kaphunziridwe. Mphunzitsi wa pa Jichi, a Matsuyama Yasushi, pamodzi ndi anzao, anafunsa ophunzira ndi madotolo a kumidzi za m'mene amaphunzirira, nafalitsa zotsatira zace m'caka ca 2018. Ophunzira anali kudziona ngati mmodzi cabe m'khamu. Mantha ao anali a kutsalira m'mbuyo mwa anzao, ndipo anali kungoloweza zimene aphunzitsi awapatsa kuti asalephere. Koma dotolo wa ku mudzi anali wosiyana. Podziwa kuti palibe wina womuponyera wodwala, ndi kuti mudzi wonse ukuyang'ana iye, anali kudzifunira yekha mabuku, kufunsa akulu anzace, ndi kudziyesa yekha pamene apelewera. Munthu yemweyo amene anali kudikira kuuzidwa ali pa sukulu anasanduka wodziphunzitsa atasenza udindo.

Zimenezi zipatsa aphunzitsi funso lobvuta. Mayeso okhwima amateteza odwala kwa dotolo wosadziwa, ndipo palibe angawakane. Koma akacurukitsa amaphunzitsa mwana kuopa colembera ca woyesa koposa kusamala za munthu wogona pa bedi. Ndico cifukwa cace masukulu a ku Japan akhala akuonjezera nthawi imene wophunzira amathera m'cipatala, akugwira nchito pamodzi ndi madotolo ndi anamwino m'malo mopenyerera.

Pangano la Jichi nalonso liri ndi kulemera kwace. Mwana wa zaka 18 amalonjeza za moyo wace kufikira zaka 33, asanadziwe amene adzakwatirana naye kapena mbali ya udotolo imene adzaikonda. Ena amadandaula kuti kukhala kutali kumawacedwetsa kuphunzira ukatswiri, ndipo owerengeka amabweza ndalama nacoka. Ngakhale ziri tero, kuyambira m'caka ca 2008 Boma la Japan linaonjezera malo m'masukulu ena ambiri a udotolo, osungira ophunzira olonjeza kudzagwira nchito m'zigawo zao, potsata njira yofanana ndi ya Jichi.

Bvuto la midzi silinathe. Anthu a m'mapiri ndi pa zisumbu akukalamba, ana akucepa, ndipo madotolo akali ounjikana m'mizinda. Koma caka ciri conse, mayeso a Boma akatha, acinyamata oposa 100 amalongedza katundu wao ku Shimotsuke nabalalikira ku zigawo 47 zimene zinawatuma. Patapita zaka zowerengeka ena a iwo amapezeka pa kiliniki ya pa cisumbu, kumene dotolo ndi mmodzi yekha, ndipo nkhalamba yodwala usiku siyembekezanso bwato la m'mawa.