Ayodini mumchere: alimo wochuluka bwanji?

Kabotolo koyezera mchere kamene azaumoyo amayenda nako m'misika kamangonena ngati ayodini alimo kapena mulibe. Akadonthezera, mchere n'kusintha mtundu, nkhani yatha. Ife a mu labotale amatifunsa zovutirapo: alimo wochuluka bwanji?

Mchere wambiri umene timagula pa Nsungwi kuno ku Area 25 umachokera kunja, monga ku Botswana ndi ku Mozambique, ndipo amauthira potassium iodate poteteza anthu ku chithokomiro. A WHO amati pofika m'nyumba, kilogalamu ya mchere izikhala ndi mamiligalamu 15 mpaka 40 a ayodini. Diso silingaone zimenezo.

Ndimapima magalamu 10, kusungunula m'madzi a distilled okwana mamililita 50, n'kuthira asidi wa sulphuric ndi potassium iodide. Pompo madzi amachita chikasu. Fulasiki ndimaitseka n'kuiika m'kabati mphindi 10, pakuti kuwala kumatulutsa ayodini wina mu iodide uja n'kukunamiza, ndipo ukaisiya kukamwa, ayodini weniweniyo amathawira mumpweya.

Kenako pa byureti, muli sodium thiosulphate wa 0.005 N. Dzanja lamanzere pa kampopi, lamanja likuzunguza fulasiki, chikasu chija chikunka chizirala. Apa m'pamene pagona luso, ndipo ophunzira obwera kudzazolowera ntchito amapupuluma pomwepa. Amafuna kuthira sitachi msanga kuti aone buluu. Ukatero ayodini wambiri amakakamira ku sitachi, safuna kutayana naye, buluu amachedwa kutha, iwe n'kumangodontheza. Ndimawauza kuti adikire mpaka madziwo afanane ndi udzu wouma wa m'chilimwe. Ukathira sitachi pamenepo, fulasiki yonse bii! Tsopano dontho limodzilimodzi, pepala loyera lili pansi pake, mpaka dontho lina liyeretse madzi mbee. Mililita iliyonse imene yatsika ndi mamiligalamu pafupifupi 10.6 pa kilogalamu.

Thiosulphate naye sakhulupirika, amafooka akakhalitsa m'botolo, choncho ndimayamba ndamuyeza ndi potassium iodate wodziwika mphamvu yake.

Chimene ambiri amachinyozera ndi katapidwe ka mchere woyezawo. Thumba la mchere wamibulu likachita chinyontho nthawi ya dzinja, ayodini amatsikira pansi ndi madzi. Wotapa pamwamba pokha angathe kulemba kuti mchere wabwino ndi wosayenera. Ine ndimatapa pamwamba, pakati ndi pansi, kusakaniza, kusinja, n'kuyeza kawiri.