Miyala ya ku Great Zimbabwe ndi Mabuku a Ana Athu

Munthu ukachoka mumzinda wa Masvingo kulowera kumwera chakum'mawa, umayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 30 pakati pa timapiri ta matanthwe osanjikizana. Kumeneko ndiko kuli mabwinja a Great Zimbabwe. Ndinafikako m'mawa wina m'nyengo yachisanu, mame asanakamuke, apusi ali pamiyala kuothera dzuwa. Pachipata ndinapeza basi itatsitsa ana asukulu, aliyense kope ndi cholembera m'manja, mphunzitsi wawo akuwawerenga mmodzimmodzi.

Chimene chimayamba kukopa maso ndi Mpanda Waukulu. Khoma lake n'lozungulira mamita pafupifupi 250 ndipo pena msinkhu wake umafika mamita 11. Mulibe dothi kapena simenti yomatira. Thanthwe la kuno limasendeka lokha ngati khungwa, ndipo amisiri akale ankaswa zibenthu zake n'kuzisanja mwaluso kotero kuti zaima zaka mazanamazana. Mzindawu unamangidwa pang'onopang'ono pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1450. M'nthaka yake mwapezeka mikanda yochokera kutsidya la nyanja, mapale a mbale za ku China ndi ku Persia, komanso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, umboni wakuti eni ake ankachita malonda ndi amalonda a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya India.

Tili m'kanjira kopapatiza ka pakati pa makoma awiri, mtsikana wina anafunsa mphunzitsi wake kuti tikudziwa bwanji amene anamanga malowa, popeza palibe amene analemba dzina lake pakhoma. Anzake anaseka. Komatu funso limeneli lakhala likukanganitsa anthu kwa zaka zoposa 150, ndipo yankho lake lasintha kangapo m'mabuku a sukulu pamene miyalayo sinasunthe.

M'chaka cha 1871 Karl Mauch wa ku Germany anafika pano n'kunena kuti wapeza nyumba yofanana ndi ya Mfumukazi ya ku Seba. Mu 1891 Theodore Bent, mothandizidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, anakumba n'kulengeza kuti omanga ake anali alendo ochokera kutali, mwina Afoinike kapena Aluya. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowa mu 1902, anakokolola nthaka yambiri imene inali ndi zotsalira za eni mudzi, poyesa kuti ndi zinyalala za anthu obwera pambuyo. Maganizo otere ankawakomera atsamunda, pakuti ngati dziko linatukulidwapo kale ndi alendo, nawonso akanatha kulilanda mtima uli m'malo.

Akatswiri ofukula zakale sanachedwe kutsutsa. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasanthula mapale, mikanda ndi zotsalira za nyumba zadothi, ndipo onse awiri anapeza kuti mzindawu unamangidwa ndi Aafirika. Ngakhale zinali choncho, boma la Ian Smith linaumiriza kuti mabuku a alendo ndi zolembedwa za boma zisanene zimenezi motsimikiza. Peter Garlake, yemwe anali woyang'anira malo a mbiri yakale, anakana kubisa zimene umboni unkasonyeza, ndipo mu 1970 anachoka m'dzikomo. Motero mwana wachishona ankatha kukulira mphepete mwa makoma a makolo ake kwinaku akumva kuti n'zosadziwika amene anawamanga.

Ufulu utabwera mu 1980, dziko linatenga dzina la mabwinjawa, limene ambiri amalimasulira kuti nyumba za miyala. Mbalame yosemedwa pamwala inakwera pambendera. Mbalame zoterezi zodziwika zilipo zisanu ndi zitatu. Zambiri zinatengedwa kupita kunja n'kubwezedwa pambuyo pa ufulu, koma imodzi inatsalira ku Groote Schuur, nyumba yakale ya Rhodes ku Cape Town. Mu 1986 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Ntchito yokonza silabasi inali yovutirapo kuposa kusintha mbendera. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 sukulu za sekondale zinalandira silabasi yatsopano imene inaika Aafirika pakati pa nkhani ndi kulimbikitsa ophunzira kusanthula umboni. Patapita zaka khumi, ndale zitatentha, inalowedwa m'malo ndi ina imene akatswiri ena anaidandaula kuti inachepetsa kusanthula n'kuchulutsa kuloweza. Mu 2004 katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger analemba za mtundu wa mbiri imene inkafalitsidwa masiku amenewo, yotamanda chipani cholamula ndi kugawa anthu pawiri, okonda dziko ndi ogulitsa dziko. Nkhani zowawa monga kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980 sizinapeze malo enieni m'kalasi. Mu 2017 boma linayambitsa phunziro la Heritage Studies, ndipo mu 2024 linalengeza ndondomeko ya maphunziro yotsamira pa chikhalidwe cha dziko. Ngati izi zidzamuthandiza mtsikana uja kupeza yankho la funso lake, zidzaoneka m'kalasi, osati pachikuto cha buku.

Palinso mawu ena amene mabuku, akale ndi atsopano omwe, sanawamvere kwenikweni. Mafuko a Nemanwa, Mugabe ndi Charumbira, okhala mozungulira malowa, ali ndi mbiri zawo zofotokoza amene ayenera kusunga phiri limeneli, ndipo mbirizo sizigwirizana. Kwa iwo pano ndi pamalo opatulika pomwe makolo ankapembedzera mizimu. Mwana wa m'midzi imeneyi amamva nkhani ina kwa agogo ake ndi ina kusukulu. Silabasi yabwino ikanamuphunzitsa kuziika nkhani ziwirizo pamodzi n'kufunsa kuti iliyonse yachokera kuti.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene anaphunzira ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira kuti mayina a Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume sankatchulidwa mwachisawawa pambuyo pa kugawikana kwa nduna mu 1964, ngakhale anthuwa anali patsogolo pomenyera ufulu. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994 mayinawo anamasuka, koma chizolowezi choloweza mayankho pofuna kukhoza mayeso sichitha ndi chisankho. Amene amakonza masilabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi ali ndi chuma chomwe angatsamirepo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula malo amene panali likulu la ufumu wa Maravi. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawavomereza mu 2006. Sukulu zoyandikana ndi malo amenewa zikhoza kuphunzirira pomwepo, ndipo zakutali zikhoza kuyamba ndi dzina la mudzi, manda akale kapena mbumba ya mfumu. Chofunika n'chakuti mayeso azifunsa umboni, popeza mphunzitsi amaphunzitsa zimene akudziwa kuti zidzabwera papepala.

Madzulo ndinakwera phiri podzera njira yakale ya masitepe opanikizika pakati pa matanthwe. Pamwamba, maso amafika mpaka ku nyanja ya Mutirikwi, ndipo Mpanda Waukulu umaoneka m'chigwa ngati chibangili. Ana aja ndinawapeza komweko atakhala pathanthwe. Mphunzitsi wawo sanamuyankhe mtsikana uja mwachindunji. Anawauza onse kuti alembe zinthu zitatu zimene aona ndi maso awo, kuno kuphiri ndi m'nyumba yosungiramo zakale, zomwe zingathandize kuyankha funsolo, ndi chinthu chimodzi chimene akafunse kwa akuluakulu kwawo. Pamene ndinkatsika, ambiri anali atawerama akulemba, ndipo awiri ankatsutsana za mapale a ku China, wina akuti anabwera ndi amalonda, mnzake akufuna kudziwa kuti amalondawo anadzera njira iti.